Khutu la M'kati

Nkhani iyi ndiifotokoza kamodzi kokha, ndipo musandidule ndi mafunso akuti chinali chiyani. Sindikudziwa. Ndinena zimene ndinaona ndi zimene ndinamva, basi.

M'mawa ndimakolopa pa chipatala chaching'ono cha kwathu. Ikakwana thu koloko ndimaphunzitsa sukulu ya kwacha m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, koyang'anana ndi chipatalacho. Chaka chimenecho ndinali ndi amayi makumi awiri ndi anayi. Anthu amati ndine wopupuluma, ndipo sanama. Inenso ndinadziwa kulemba ndili kale ndi ana atatu, ndiye ndikaona munthu akuzengereza ndimamva ngati akundidyera masiku.

Bungwe limene limayang'anira sukuluzi linatipatsa laputopu yakale yotumizira mayina a ophunzira ku ofesi ya ku boma. Achipatala anatilola kugwiritsa ntchito waifai yawo. Itatha miyezi iwiri, laputopuyo inaleka kugwira netiweki, ndipo ndinapita nayo kwa a Lakisoni, okonza mafoni pamsika.

"Mayi, makina awa ali ndi khutu m'kati mwake, lomvera netiweki," anatero. "Lanuli lagontha."

Anatulutsa kachipangizo kobaya m'mbali mwa laputopu, kokhala ndi kamlongoti kotalika ngati chala.

"Ili ndi khutu lakunja. Lam'katilo ndalizimitsa kuti asamalimbane. Muziyang'ana pakona apa. Pakalembedwa waifai 2, ndiye kuti mukumvera lakunja. Pakalembedwa waifai chabe, ndi lam'kati lija."

"Nanga likadzadzuka?"

"Chogontha sichidzuka, mayi. Likadzadzuka mudzandiitane tidzapemphere limodzi."

Kamlongotiko kanali ka ulesi. Kankafuna kuti ndiike laputopu pazenera penipeni, ndipo ngakhale apo kankangogwira timizere tiwiri mwa tinayi tosonyeza mphamvu ya netiweki. Tsamba la mayina linkatseguka ine nditasesa kale chipinda chonse. Komabe ntchito inkayenda.

Pa benchi la pazenera lomwelo pankakhala a Nasibeko, dzina lawo Edinesi, mayi wachikulire wotsimphina mwendo wamanzere amene ankagulitsa zitumbuwa pachigayo. Pamndandanda anali pa nambala 14. Sanajombepo ngakhale tsiku limodzi, koma kuchedwa kwake polemba! Asanalembe chilembo chilichonse, ankayamba agogoda benchi katatu ndi kapensulo kawo kolumidwalumidwa. Go, go, go. Kenako chilembo chimodzi. Go, go, go. China.

"Amayi, pensulo si munsi," ndinkatero. "Lembani."

"Ndikuodira, aphunzitsi. Chilembo nacho ndi nyumba ya eni ake."

Anabwera kusukulu chifukwa chotopa ndi kudinda chala. Ankati inki ija ikamatirira pachala, ankamva ngati agwidwa akuba. Mu Ogasiti analemba dzina lawo lonse koyamba popanda kuonera. Mu Seputembala, kutatsala milungu itatu kuti tilembe mayeso, anadwala masiku anayi n'kumwalira.

Pa tsamba la bungwe, pambali pa dzina lililonse pali kabokosi, ndipo muli mawu atatu okha osankhapo: akuphunzira, wapambana, wasiya. Ukasankha wasiya, dzinalo limachoka pa mndandanda wa olemba mayeso. Tsiku la maliro, nditaweruka kokolopa, ndinathamangira m'kachipinda kaja, n'kusankha wasiya pa nambala 14, ndiyeno ulendo wa kusiwa. Ndinachita changu chifukwa ndinkakumbukira mawu a bambo Msosa, oyang'anira sukulu zathu.

"Kwa Matchakaza tinatsekako kalasi chaka chatha," anatiuza pamsonkhano wa aphunzitsi. "Mphunzitsi ankadzaza mndandanda ndi mayina a kumanda. Ndikapeza dzina limodzi la munthu amene kulibe, kalasi yonseyo silemba mayeso. Ndanena."

Mndandanda womaliza unkafunika ufike Lachisanu la mlungu wotsatira. Amayi makumi awiri ndi atatu otsalawo anali atasiya minda ndi misika kwa miyezi isanu ndi inayi chifukwa cha mayeso amenewo.

Lolemba lake zinayamba ndi kapensulo. Mwana wa a Nasibeko anali atakabweza pamodzi ndi kope lawo, ati n'zasukulu, ndipo ndinakaponya m'chitini cha mapensulo. Titaweruka, ndinakapeza pa benchi la pazenera. Ndinangoti wina waiwala, n'kukabwezera m'chitini. M'chipindamo munkamveka kafungo ka mafuta okazingira. Ndinati mwina n'kumsika, ngakhale kuti mphepo inkachokera kumunda kwa abusa.

Ndinatsegula laputopu patebulo, ndisanainyamule kupita nayo pazenera. Tsamba la mayina linangoti mbee nthawi yomweyo. Ndinasangalala, ndikumati achipatala akonza zinthu zawo. Ndiye ndinaona nambala 14. Edinesi Nasibeko. Akuphunzira.

Ndinadzitukwana ndekha kuti tsiku lija ndinapupuluma osasunga bwino. Ndikufuna kukonza, dzanja langa linakhudza m'mbali mwa laputopu. Munalibe kanthu. Kamlongoti kanali kadakali m'chikwama changa.

Pakona panalembedwa waifai, popanda 2. Timizere tonse tinayi tinali todzaza. Netiweki ya chipatala ili ndi dzina, ndipo ili ndi mawu achinsinsi olowera. Iyi inalibe dzina. Pamalo pa dzina panali poyera.

Ndinabaya kamlongoti, n'kuzimitsa khutu lam'kati monga ndinaonera a Lakisoni akuchitira, ndi kukaika laputopu pazenera. Timizere tiwiri tija tinabwera. Ndinasankhanso wasiya. Nditangodina potumizira, netiweki inaduka. Ndisanapume n'komwe, pakona panasintha pokha, 2 uja n'kuchoka, timizere n'kudzaza, dzina lija n'kubwerera pamalo pake. Ndinayesa kanayi. Kachinayiko ndinatseka laputopu, n'kuikhomera m'kabati.

Usiku wonse ndinkawerengera anthu m'mutu. Kabatiyo inali ndi makiyi awiri. Wina anali ndi ine, wina ndi a Nangozo, apampando a kalasi. A Nangozo ndi a Nasibeko anavinidwa chinamwali chimodzi, ndipo kumanda kuja anachita kugwiridwa ndi anthu awiri.

Lachiwiri poitana mayina ndinadumpha nambala 14 monga ndinkachitira chichitikire maliro. Nditatchula wa 13, ndinafuna kupita pa 15, koma kalasi yonse inali chete mwa mtundu wina, ngati anthu akudikira kuti wina amalize kuyankha. Ndinaonanso kuti amayi atatu a pa benchi la pazenera anali atapanikizana mbali imodzi, malo a kuzenera n'kusiya mpata wokwana munthu.

"Sunthani, malo alipo ambiri," ndinatero.

Anasuntha. Nditatembenuka kuchokera pabolodi, anali atapanikizananso, maso ali m'makope.

Titaweruka ndinawaimitsa a Nangozo.

"Amayi, kabati iyi mumatsegula ine kulibe?"

"Ndikatengemo chiyani? Choko amadya?"

"Wina akuseweretsa laputopu. Akubwezera dzina limene ndinachotsa."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Aphunzitsi, ine foni yanga yomwe amandiyankhira ndi mdzukulu. Chinthu chanucho ndimachiopa ngati mbaula ya moto. Lero ndasanduka katswiri?"

"Mwina mumatuma wina."

Anamasula kiyi pa mfundo ya chitenje, n'kumuika patebulo mosaponya.

"Nayu. Koma ndifunse. Mwalemba chiyani pa dzina lakelo?"

"Zimenezo n'za ofesi."

"Chabwino, za ofesi," anatero, n'kutuluka osatsanzika.

Makiyi onse awiri ndinagona nawo kunsi kwa pilo. Lachitatu ndisanayambe kalasi ndinatsegula laputopu, ndipo khutu lam'kati linali loyaka kale, ngakhale ndinalisiya lozimitsa. Kapensulo kanali pa benchi.

Apa maganizo anga anapita kwa a Lakisoni. Munthu amene ananena kuti khutu lagontha ndi iwo. Mlamu wawo wamkazi anafunsirapo ntchito yanga yophunzitsayi ndipo sanamutenge. Ndinaweruka msanga, laputopu kukhwapa, mpaka pa kauntala yawo.

"Achimwene, munati chogontha sichidzuka."

"Ndinatero."

"Chadzuka. Ndiye mundiuze chimene munaikamo, ndi amene anakutumani."

Sanakwiye. Anayatsa laputopu, n'kutsegula netiweki ya foni yawo pambali pomwepo. Anayatsa khutu lam'kati. Silinamve kanthu. Anagunditsa foniyo pa laputopu penipeni, koma pakona panali mbuu. Anabaya kamlongoti, ndipo nthawi yomweyo kanagwira netiweki ya foniyo ndi zina ziwiri za m'magolosale.

"Mwaona, mayi? Ili ndi mtembo. Netiweki yopanda dzinayo mwaiona kuti?"

"M'kalasi."

"Kuseri kwa tchalitchi kuja? Kumene kuja kulibe ina koma ya chipatala. Kupitirira apo ndi munda wa abusa, kenako..." Sanamalize. Aliyense amadziwa chimene chili kuseri kwa munda wa abusa.

"Musandiopseze ngati mwana. Lichotseni."

Anamasula tizitsulo ta kunsi kwa laputopu, n'kuzula kachidutswa kobiriwira kochepa ngati bokosi la machesi, kali ndi timawaya tiwiri. Anakakulunga m'nyuzipepala n'kundipatsa.

"Khutu lanu ndi ili, lili m'manja mwanu. Tsopano laputopuyi yatsala ndi limodzi, lakunjali. Ikamvanso china, musabwere nayo kuno. Ndili ndi ana."

Anafuna kuseka koma sizinatheke bwino.

Pobwerera kunali chisisira. Njira yochokera kumsika imadutsa pachigayo, n'kutsetsereka kupita kutchalitchi. Nditapitirira chigayo, patsogolo panga panali mayi wina atanyamula jumbo yopyapyala, yooneka kuti muli kope. Ankayenda pang'onopang'ono, akutsimphina mwendo wamanzere. Ine ndimayenda mothamanga, anthu onse amadziwa. Ndinawonjezera liwiro kuti ndimupitirire, koma mpata wa pakati pathu sunkachepa. Sanacheuke. Pa mtengo wa mkuyu anakhotera kanjira ka kuseri kwa tchalitchi. Nditafika pomwepo, kanjirako kanali kopanda munthu, ndipo loko wa kachipinda kathu anali chikhomere.

Sindinalowe. Laputopu ndinapita nayo kunyumba, koma ndinaisiya kukhitchini, osati m'nyumba mogona ana.

Lachinayi kunatsala tsiku limodzi. Ndinaphunzitsa mosalongosoka, ndipo ndinakalipira mayi wina chifukwa chosongola pensulo mochedwa. Anthu akutuluka ndinawaitananso a Nangozo.

"Khalani muone nokha. Ngati muli ndi dzanja m'zimenezi, mundiyang'ane m'maso zikuchitika."

"Ndikhala," anatero. "Koma osati chifukwa choti mwandilamula."

Anakhala pa benchi lakutsogolo, manja pamiyendo. Ndinatulutsa kanyuzipepala kaja n'kukaika patebulo kuti tonse tizikaona. Ndinabaya kamlongoti, laputopu n'kuiika pazenera. Waifai 2, timizere tiwiri. Tsamba linatenga nthawi yake yonse. Litatseguka, nambala 14 inali pomwepo. Ndinasankha wasiya, dzinalo n'kuchoka, mzere wake n'kutsala wopanda kanthu. Ndinadina potumizira.

Kagetsi ka kamlongoti kanazima.

Ndinayang'ana pakona. 2 uja panalibe. Timizere tinadzaza kamodzikamodzi mpaka tonse tinayi. Ndinayang'ana patebulo, kanyuzipepala kali pomwepo, kokulungidwa monga anakakulungira a Lakisoni.

Fungo la mafuta okazingira linadzaza chipinda. Ndiye pambali panga penipeni, pa thabwa la benchi limene bondo langa linatsamira, panamveka. Go, go, go.

Pa mzere wopanda kanthu uja panatuluka chilembo chimodzi.

Panapita nthawi yaitali, yaitali ndithu, ngati ya munthu amene akunyambita pensulo n'kumaganiza. Go, go, go. Chilembo chachiwiri.

"Akuodira," anatero a Nangozo chapansipansi.

Ndinatseka laputopu mwamphamvu mpaka kamlongoti kanagwa pansi. Kugogoda kunaleka. Ndinakhala pansi pa simenti, ine amene ndimakalipira aliyense wokhala pansi m'kalasi.

A Nangozo sanasunthe. Sankaoneka amantha. Ankaoneka ngati munthu amene wamva mnzake akunyozedwa.

"Ndinakufunsani Lachiwiri, aphunzitsi. Mwalemba chiyani pa dzina lake?"

"Wasiya."

"Wasiya chiyani?"

"Sukulu. Mulibe mawu ena m'menemo. Ndikanatani?"

"Edinesi wasiya sukulu." Anabwereza pang'onopang'ono. "Edinesi amene anabwera tsiku la matalala lija atafunda thumba la feteleza, n'kupeza inu nomwe simunabwere? Amene ankasiya zitumbuwa pachigayo ndi anthu osawadziwa kuti asachedwe kuitanidwa dzina? Ku boma kukalembedwe kuti anathawa?"

Ndinatola kamlongoti kaja pansi. A Nangozo anapitiriza.

"Ndipo si zokhazo. Kumanda kuja, oyendetsa mwambo anaitana magulu ake onse kuti atsanzike. Amvano analankhula. Anzake a pachigayo analankhula. Ataitana asukulu ya kwacha, anaitana kawiri. Tonse tinacheuka kukufunani."

"Ndinali nditabwerera kuchipatala. Kunabwera alendo, anafuna pansi pokolopa."

"Ndikudziwa. Inu nthawi zonse muli ndi kothamangira. Koma gulu likapanda kumumasula munthu, iye adziwa bwanji kuti waweruka? Mwangomudumpha dzina ngati wajomba. Ndiye akubwera. Simunkati wojomba katatu mumufufuta?"

Mawu amenewo anali angadi. Ndinkawanena Lolemba lililonse.

Tinatuluka limodzi dzuwa litangolowa. Pokhoma chitseko ndinawabwezera kiyi wawo. Anamulandira ndi manja awiri.

Lachisanu m'mawa ndinali pakati pa moto ndi madzi otentha. Dzinalo likapita lili akuphunzira, bambo Msosa atseka kalasi. Ndikalemba wasiya, silipita, ndiponso tsopano dzanja langa silikanalola. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndisanapemphepo tchuthi kuchipatala. Tsiku limenelo ndinapempha. Ndinatenga kope la a Nasibeko, laputopu n'kuisiya, ndi kukwera minibasi ya ku boma.

Bambo Msosa atandiona pakhomo sanandipatse mpando.

"Mwachita bwino kubwera nokha, mayi Nachisale. Ndimati ndibwere Lolemba ndi loko."

"Loko wa chiyani, bwana? Mndandanda sindinatumize."

"Simunatumize?" Anatembenuza kompyuta yawo kuti ndione. "Unafika Lolemba. Unafikanso Lachitatu. Dzulo madzulo wafika kachitatu. Maulendo onse mayina makumi awiri ndi anayi. Koma mkazi wanga ndi wamvano, mayi. Maliro a Edinesi Nasibeko anapitako."

Za khutu ndi za kugogoda sindinanene. Munthu wa tayi sungamuuze zimenezo ofesi ili yotsegula.

"Anamwaliradi, bwana. Sindinabwere kudzabisa. Ndabwera chifukwa fomu yanu ilibe malo a munthu wakufa."

"Wakufa timalemba wasiya. Aliyense amatero."

"Inenso ndinatero, ndipo ndinanama. Sanasiye."

Ndinaika kope patebulo pawo n'kutsegula masamba omaliza. Dzina lawo linali lolembedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi, tsamba ndi tsamba, mokanikiza mpaka pepala linatupa kuseri. Pansi pake panali masamu a zitumbuwa ndi kakalata ka mizere itatu kolembera mwana wawo wa ku Kasungu. Tsiku lomaliza pa kopelo linali Lachinayi, ndipo anagonekedwa m'chipatala Lachisanu.

Bambo Msosa anatembenuza masambawo nthawi yaitali. Mwachibadwa changa ndikanati fulumirani, minibasi indisiya. Koma ndinadikira.

"Mukufuna ndichite chiyani?"

"Mulembe zoona. Kuti anamwalira akudziwa kulemba. Ndipo enawo alembe mayeso."

"Nanga n'chifukwa chiyani munatumiza katatu konse muli ndi dzinali?"

"Laputopu ija ili ndi vuto la khutu, bwana."

Anandiyang'ana ngati akufuna kufunsa zambiri, kenako anaona kuti bola asafunse. Kwawoko kuli kabokosi kena kamene ife aphunzitsi sitikaona. Analembamo ndi zala ziwiri, akutchula mokweza kuti ndimve: anamaliza maphunziro, anamwalira asanalandire satifiketi.

"Kalasi yanu ilemba," anatero. "Kopeli lisiyeni, likhale mayeso ake."

Lolemba lotsatira ndinaitana mayina. Nditafika pa 14 sindinadumphe. Ndinaimirira, amayi onse n'kuimirira nane.

"A Nasibeko," ndinatero, ndikuyang'ana benchi la pazenera. "Ndine mphunzitsi wanu. Kumanda sindinalankhule, ndinalakwa. Simunajombe, simunathawe. Sukulu mwamaliza. Mwaweruka, amayi, pitani mukapume."

Palibe chinamveka. Patapita kanthawi, mayi wa kumapeto kwa benchilo anasunthira kuzenera yekha, osauzidwa.

Mayeso analembedwa. Mu Novembala bambo Msosa anabwera ndi masatifiketi makumi awiri ndi anayi, ya a Nasibeko n'kuipereka kwa mwana wawo. Pamwambo umenewu pali lamulo limodzi limene amayi amalinyadira kuposa satifiketi yomwe: aliyense amasayina yekha pa pepala la ofesi, inki ya chala kulibe. Pepalalo linazungulira mabenchi onse, ndipo linathera pa benchi la pazenera. Nditapita kukalitenga ndinaona kuti mzere wa 14 wokha ndiwo unali woyera. Pambali pake panali kapensulo kolumidwa kaja. Ine ndinali nditakatsekera m'kabati m'mawa womwewo.

Ndisanatambasule dzanja, a Nangozo anaimirira.

"Tiyeni titseke ndi pemphero. Aliyense atsinzine."

A Nangozo sapemphera motalika, amati Mulungu si wogontha. Tsiku limenelo anapempherera mvula, odwala, boma, bungwe, ana a ku Joni, mpaka mbuzi za abusa. Ine ndinali chiimire pafupi ndi zenera, maso otsinzina. Pansi pa mawu awo ndinamva thabwa likulira pang'ono. Go, go, go. Kenako chete wautali. Go, go, go.

Sindinatsegule maso, ndipo sindinauze munthu kuti afulumire. Ndinangowerenga chamumtima. Kugogoda kutamveka kachisanu ndi chiwiri, panapitanso kanthawi, a Nangozo n'kunena ameni.

Pepalalo ndinalipinda ndikuyang'ana kudenga, n'kukalipereka. Bambo Msosa analitambasula, n'kuyendetsa chala kuchokera pamwamba monga amachitira. Chapakati chalacho chinaima. Anandiyang'ana, anayang'ana benchi la pazenera, kenako analipinda kawiri n'kuliika m'thumba la m'kati mwa jekete.

"Onse asayina," anatero.

Kapensulo sitinakaonenso. Laputopu ija ndikugwiritsabe ntchito, ndi khutu lake lakunja ndi timizere take tiwiri. Tsamba likamachedwa kutseguka ndimakhala pansi n'kudikira. Khutu lam'kati lili m'nyuzipepala yake pansi pa sutikesi yanga, ndipo a Lakisoni atandiuza kuti apeza lina latsopano loti aikemo, ndinawayankha kuti limodzi likundikwanira.

Yanga yathera pamenepa. Wofuna kudziwa chimene chili pa mzere wa 14 akwere minibasi akafunse ku boma. Ine sindinayang'anepo.